Alibe seguro: ngozi ikagwa ku Tsangano, amalipira ndani?

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali chigawo chimene msewu wa M1 ndiwo malire. Mbali ino ndi Malawi, ukangodumpha phula uli ku Mozambique. Pa Tsangano Turn-off ndi pa Biriwiri, mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato zimatsika kuchokera kumapiri a Tsangano pa ngolo, pa malole, koma makamaka pa njinga zamoto. Njinga imodzi ya Lifo imasenza matumba awiri kapena atatu, mwini katundu n'kukhala pamwamba pake, miyendo ili lende. Wapolisi wa pamsewu akaimitsa njinga yotere ku Malawi amafunsa laisensi, mapepala a njinga ndi inshuwalansi. Mnzake wa tsidya linalo amafunsa zomwezo m'Chipwitikizi: carta, livrete, seguro. Pa funso lachitatulo, yankho limene limamveka kawirikawiri ndi limodzi mbali zonse ziwiri: "Ndilibe, bwana."

Chichewa chilibe liwu limodzi lotchulira munthu wotereyu. Ku Malawi amati "wopanda inshuwalansi", ndipo mawuwa amagwira pa munthu, pa galimoto, pa nyumba ngakhale pa munda. Ku Tsangano ndi ku Furancungo, kumene sukulu ndi maofesi zimayenda m'Chipwitikizi, anthu amangoti "alibe seguro". Ambiri amamva mawuwa ngati dzina la mlandu wa pamsewu, chinthu chimene chimatha ukapereka chindapusa. Tanthauzo lake lenileni ndi lolemera kuposa pamenepo. Kunena kuti munthu alibe inshuwalansi n'kunena kuti palibe kampani imene inalonjeza, molemba, kuti tsoka likagwa idzalipira. Tsokalo likagwa, wina amalipirabe. Nkhani yagona pakuti winayo ndi ndani.

Anthu a kuno amachidziwa bwino chipereganyu, chimene ku Mozambique amachitcha xitique: mumasonkha mwezi ndi mwezi, aliyense n'kulandira ikafika nthawi yake. Inshuwalansi imafanana nacho pa kusonkhako, koma imasiyana nacho pa kulandira. Amasonkha ndi anthu zikwizikwi osadziwana, ndipo amalandira ndi yekhayo amene chamugwera. N'chifukwa chake funso loyamba limene wogulitsa inshuwalansi amakumana nalo kumudzi ndi lakuti, "Nanga chaka chikatha osachita ngozi, ndalama zanga mubweza?" Sabweza. Ndalamazo zinalipira amene anachita ngozi chaka chimenecho. Kwa mlimi amene ndalama yake imabwera kamodzi pachaka, n'kuyenera kufikira pa feteleza, pa fizi ya ana ndi pa malata, yankho limenelo ndi lowawa, ndipo sitingamunene kuti ndi wosazindikira akabwerera m'mbuyo.

Malonda a inshuwalansi ku Mozambique anakulira m'mizinda. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma linaphatikiza makampani a Apwitikizi n'kupanga EMOSE mu 1977, ndipo kampaniyi inali yokhayokha mpaka msika utatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Lero pali makampani angapo, monga Hollard, ndipo amawayang'anira ndi bungwe la boma. Ku Malawi ntchito yoyang'anirayi ili m'manja mwa Reserve Bank. Koma maofesi a makampaniwa ali ku Maputo, ku Beira, mumzinda wa Tete, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Munthu wa ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Chidzolomondo amafunika ulendo ndi ndalama ya mayendedwe kuti akangofunsa mtengo.

Inshuwalansi imene lamulo limakakamiza pamsewu ndi ya galimoto. Ku Mozambique analamula zimenezi ndi lamulo nambala 2 la chaka cha 2003, ku Malawi ndi Road Traffic Act ya 1997. Yokakamizidwayo ndi imene Amozambiki amaitcha contra terceiros, Amalawi n'kumati third party. Woyamba ndi mwini galimoto, wachiwiri ndi kampani, wachitatu ndi munthu wina aliyense amene galimotoyo ingamupweteke: mayi woyenda pansi, mwana wodumpha msewu, mwini ngolo imene yaphwanyidwa. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Mnyamata wagula seguro yotereyi, wagwa yekha pa chitunda choterera nthawi ya dzinja, njinga yapindika, mkono wathyoka, akupita ku kampani ali ndi chikhulupiriro chonse. Amabwerako chimanjamanja, ndipo amauza mudzi wonse kuti inshuwalansi ndi kuba. Sanamubere. Pa njinga yakeyo ndi pa thupi lake analibe inshuwalansi chiyambire. Yoteteza galimoto yako yomwe ndi ina, contra todos os riscos, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

Motero mawu oti "wopanda inshuwalansi" amakhudza anthu ambiri kuposa amene alibe pepala. Pali amene pepala lake linatha dzulo. Kwa kampani, ameneyo ndi chimodzimodzi amene sanagulepo. Pali amene analembetsa galimoto ngati yoyendera yekha koma akunyamula anthu olipira kupita nawo ku Ulónguè tsiku la msika. Pali amene wapatsa chiwongolero mphwake wopanda laisensi, kapena wayendetsa atamwa. Zikatere kampani ingathe kukana, kapena kulipira wovulalayo kenaka n'kumulondola mwini galimoto kuti abweze. Zonsezi zinalembedwa m'pepala la mgwirizano, m'zilembo zing'onozing'ono, m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi cha maloya, ndipo wogula amangolipinda n'kuliika m'thumba kudikira wapolisi.

Malire nawonso amachotsa munthu pa inshuwalansi osadziwa. Maiko a COMESA ali ndi Yellow Card, khadi limodzi limene dalaivala wa ku Malawi amayenda nalo ku Zambia, ku Zimbabwe ndi kwina. Mozambique inatuluka mu COMESA mu 1997. Dalaivala wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe akafika pa Zóbuè kapena pa Calómuè amayenera kugula seguro ya ku Mozambique pachipata pomwepo, kawirikawiri ya masiku 30. Amalole akuluakulu amazidziwa izi. Koma malire a Tsangano ndi Ntcheu ndi otalika, odzaza ndi tinjira tachidule, ndipo mabanja ali mbali zonse ziwiri: kumunda ku Mozambique, kuchigayo ku Malawi, maliro uku ndi uku, m'thumba muli kwacha ndi metical. Njinga zambiri zamoto zimene zikuchita kabaza ku Malawi zinagulidwa ku Mozambique n'kulowa m'tinjira timeneti. Zilibe nambala ya dziko lililonse. Kampani ya inshuwalansi imafuna nambala ndi umboni wa umwini, ndiye mwini njinga yosalembetsa, ngakhale atafuna, alibe poyambira.

Tiyerekeze kuti njinga yotere yagunda mayi amene anasenza dengu la tomato, mwendo n'kuthyoka. Zimene zimatsatira anthu a m'midzi imeneyi amazidziwa pamtima. Mlandu sufika kwa apolisi, chifukwa wanjingayo akuopa kulandidwa njinga, ndipo abale a mayiyo akudziwa kuti akamangidwa sapezapo kanthu. Amakhalirana pansi kwa anyakwawa. Atsibweni ake a mnyamatayo amavula chipewa n'kuyamba: "Pepani akuluakulu, mwanayu ndi wathu, walakwa, tabwera kuti mutiuze." A mbali inayo amawerenga zimene zawonongeka. Pamapeto pake nkhumba imagulitsidwa, kapena matumba a mbatata amene anasungidwa kuti akhale mbewu, kapena njinga yomweyo imene inali kudyetsa banja. Ndalama ikachepa, amapita kwa akatapila. Imene yapezeka imatha mwendo usanapole, ndipo yotsalayo amaisenza ndi mayiyo ndi ana ake.

Mabanja awiri asauka pa ngozi imodzi. Amene amapweteka kwambiri ndi mayi uja, yemwe sanasankhe kanthu pa nkhani ya seguro. Wopanda inshuwalansi anali mwini njinga, koma wolipira wakhala iyeyo. Ichi n'chifukwa chake maboma amaikakamiza inshuwalansi imeneyi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti pamsewu imangotchulidwa ngati chifukwa cholembera chindapusa.

Ku America, mawu oti "wopanda inshuwalansi" akamveka anthu amaganiza za chipatala. Mu 2023 anthu pafupifupi 26 miliyoni kumeneko analibe inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo kwa iwo kugonekedwa m'chipatala masiku ochepa kungasiye ngongole ya zaka. Kuno zinthu n'zosiyana. M'zipatala za boma ku Mozambique munthu amalipira metical imodzi kuti aonane ndi dokotala ndi ma metical 5 pa mankhwala. Ku Malawi zipatala za boma ndi zaulere, ndipo anthu a m'malire amapita kumene kuli pafupi. Tikawerenga monga amawerengera ku America, pafupifupi aliyense ku Tsangano ndi ku Macanga alibe inshuwalansi ya zaumoyo, koma chimene chimamusaukitsa si bilu ya kuchipatala. Ndi galimoto yomunyamula usiku kupita ku Ulónguè, kapena mpaka kuchipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete fupa likafuna opaleshoni. Ndi chakudya cha womudikirira, mankhwala amene atha kuchipatala n'kukagula kufamase, ndi munda umene sunapaliridwe mu Januwale chifukwa mwini wake ali pa ndodo. Zimenezi palibe amene amazibweza.

Maiko ena anaona kuti nthawi zonse padzakhala madalaivala osagula inshuwalansi, ndipo anakonza kuti wovulala asasiyidwe. Ku Britain, kuyambira 1946 kuli Motor Insurers' Bureau, thumba limene makampani onse amasonkhamo kuti lilipire anthu ogundidwa ndi galimoto zopanda inshuwalansi kapena zimene zathawa. Ku South Africa, kumene achinyamata ambiri a ku Tete ndi ku Malawi amakagwira ntchito, anatenga njira ina: Road Accident Fund imapeza ndalama kuchokera pa msonkho umene uli pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Aliyense wothira mafuta wasonkha kale. Thumba la ku South Africa lili ndi mavuto ake a ngongole ndi kuchedwa kulipira, koma nzeru yake ikuyenera kuganiziridwa m'madera ngati Tsangano. Wanjinga amene sanaonepo ofesi ya inshuwalansi amagula petulo tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu anachokera pa pampu.

Komabe chuma cha dera lino chili m'munda, ndipo kumeneko ndi kumene kupanda inshuwalansi kumaluma kwambiri ngakhale palibe wapolisi wofunsa. Ku Macanga alimi ambiri amalima fodya pa mgwirizano ndi Mozambique Leaf Tobacco: amalandira mbewu ndi feteleza pa ngongole, kampani n'kudzadula pogula fodyayo. Matalala a mphindi zochepa amatha kuboola masamba a munda wonse. Ku Tsangano mlimi wa kachewere amathira ndalama zambiri pa mbewu, feteleza ndi mankhwala, kenaka chiwawu chimalowa mvula ikachuluka, kapena chisanu chimawaula mbewu za kudimba m'miyezi yozizira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè, umene umachokera kumapiri omwewa, mpaka unagumula mlatho pafupi ndi mzinda wa Tete ndi kukokolola minda m'mbali mwake. Mbewu ikapita, ndalama imene inalowa m'nthaka yapita nayo.

Sikuti anthuwa amakhala opanda podalira. Mbuzi ndi nkhumba m'khola, ng'ombe kwa amene ali nazo, chimanga m'nkhokwe, banki mkhonde, mpingo, mwana amene ali ku Joni, chipepeso cha pamaliro: zonsezi zimagwira ntchito imene inshuwalansi imagwira, ndipo zimalipira msanga, popanda fomu. Nyumba imodzi ikapsa, mudzi umaimanganso. Zimalephera tsoka likagwera onse nthawi imodzi. Pa chilala cha El Niño cha 2015/16 ndi cha 2023/24, amene ukanakamupempha nayenso analibe. Aliyense amathamangira kumsika ndi mbuzi sabata imodzimodzi, mtengo wa mbuzi n'kugwa pamene wa chimanga ukukwera. Chigodola cha nkhumba, chimene sichachilendo kumapiri a Angónia ndi Tsangano, chimatha kupululutsa makola a mudzi wonse m'masiku ochepa. Tsoka lotere limafuna thumba limene asonkhamo anthu a kutali, amene mvula yawo yagwa bwino.

Kuyesa kupanga thumba lotere kwa alimi ang'onoang'ono kunachitikira pafupi pomwepa. Mu 2005, World Bank, NASFAM ndi makampani a inshuwalansi a ku Malawi anagulitsa inshuwalansi ya mvula kwa alimi a mtedza 892 ozungulira Chitedze, Lilongwe, Kasungu ndi Nkhotakota. Palibe amene ankabwera kudzayendera munda. Ankangowerenga mvula pa siteshoni ya zanyengo yapafupi. Ikachepera pa mlingo umene anagwirizana, inshuwalansi inkalipira ngongole ya mbewu. Chaka chotsatira akatswiri awiri, Xavier Giné ndi Dean Yang, anayesa chinthu chimene zotsatira zake zinadabwitsa ambiri. Mwa alimi pafupifupi 800, ena anawapatsa mwayi wa ngongole ya mbewu yopanda inshuwalansi, ena ngongole yomweyo koma yokhala ndi inshuwalansi ya mvula imene ankayenera kuilipira. Yopanda inshuwalansi anaitenga alimi 33 pa 100 alionse. Yokhala ndi inshuwalansi anaitenga ochepa kuposa pamenepo, kusiyana kwake kunali 13 pa 100. Akatswiriwo anaganiza kuti alimi ankadziwa kale kuti mvula ikakanika wobwereketsa sangawalande zimene alibe, motero inshuwalansiyo ankaiona ngati chiwongoladzanja chowonjezera chimene chikuteteza banki. Alimiwo anawerengera bwino amene akupindula.

Inshuwalansi ya mvula ili ndi chilema china chimene mlimi wa kumapiri angachione msanga. Ku Tsangano mvula imatha kugwa tsidya lino la phiri, tsidya linalo kuli gwa. Ngati chopimira mvula, kapena setilaiti, chaona mvula yokwanira pamene munda wako wauma, sulandira kanthu, ngakhale unalipira. Izi zinagwera ngakhale boma. Malawi inagula inshuwalansi ya chilala ya nyengo ya 2015/16 ku African Risk Capacity, bungwe la African Union, pa ndalama pafupifupi madola 4.7 miliyoni. Chilala chinabwera, anthu oposa 6 miliyoni anafuna thandizo la chakudya, koma makompyuta a bungwelo anati chilalacho sichinafike poti n'kulipira. Atafufuza anapeza kuti mawerengedwewo anatengera chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri anabzala chocha msanga, chimene ng'amba inachipeza pa nthawi yoipa. Anakonza, ndipo madola 8.1 miliyoni anaperekedwa kumayambiriro kwa 2017, njala itapweteka kale anthu. Dziko lonse linali ndi pepala m'manja, koma pa miyezi imene linkafuna thandizo linali ngati lopanda inshuwalansi.

Pali chitetezo china chimene ambiri ku Tsangano ndi ku Macanga sadziwa kuti chikuwakhudza. INSS, bungwe la boma la Mozambique, limatolera 7 pa 100 ya malipiro a wantchito: olemba ntchito amapereka 4, wantchito 3. Limalipira penshoni ya ukalamba, thandizo munthu akadwala, ndi ndalama kwa amasiye ndi ya maliro. Odzilemba okha ntchito, monga wamalonda, telala kapena wanjinga, amaloledwa kulembetsa n'kumapereka okha 7 yonseyo. Lamulo la ntchito limakakamizanso olemba ntchito kugulira antchito awo seguro ya ngozi za pantchito. Koma waganyu wokumba mbatata, wosoka fodya m'chigafa, kapena mnyamata wokweza matumba pa lole amalembedwa pakamwa, amalipidwa madzulo, ndipo dzina lake silili m'buku lililonse. Thumba likamugwera pamsana, amabwerera kwa amayi ake.

Ndipo ngakhale pamene seguro ilipo, wovulala amatha kuiphonya. Munthu wogundidwa ndi lole kapena minibasi imene ili ndi inshuwalansi ali ndi ufulu wolipidwa ndi kampani, koma kampani imafuna umboni: nambala ya galimotoyo, lipoti la apolisi, kalata ya kuchipatala yofotokoza kuvulalako, malisiti a zimene zagulidwa. Imafunanso kuuzidwa m'masiku owerengeka amene analembedwa m'mgwirizano. Dalaivala akatulutsa ndalama pang'ono pamalo a ngozi n'kunena kuti, "Amayi, tingomvana pompano, za apolisi zichedwetsa," abale ambiri amavomera, poona kuti ndalamayo ili m'manja ndipo ku Tete n'kutali. Galimoto imapita, nambala osailemba. Pakatha miyezi iwiri mwendo ukukanabe kuponda, palibenso pepala limene angapite nalo kwa aliyense.

Makampani amene akufuna makasitomala kumapiri kuno ali ndi zida zimene kale kunalibe. M-Pesa ndi e-Mola zafika m'misika ya kumidzi, ndipo mlimi angathe kulipira pafoni nthawi imene wagulitsa mbatata kapena fodya, pamene ndalama ili m'thumba. Wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa m'Chinyanja. Chimene chikusowabe ndi pepala la mgwirizano lalifupi, m'chilankhulo chimene wogula amayankhula kunyumba, lonena poyera zimene kampani idzalipira, zimene sidzalipira, tsiku limene pepalalo litha, ndi kumene munthu wa ku Ntengo-wa-Mbalame angakadandaule popanda kugulitsa mbuzi kuti apeze ya basi.